Nicholas wa ku Myra: ankapatsa usiku mobisa, anamubera masanasana

Pa oyera onse amene mpingo umakumbukira, ine ndimaona kuti palibe amene anaberedwa kwambiri ngati Nicholas wa ku Myra. Mafupa ake anabedwa kawiri konse. Mbiri yake anaisakaniza ndi ya munthu wina. Tsiku lake analisuntha, mkanjo wa ubishopu anamuvula nkumuveka chijasi chofiira chaubweya, mpaka lero mwana akamuona pakhomo pa shopu mu Disembala, thukuta lili kamukamu kuseri kwa ndevu za thonje, amangoti Father Christmas basi, zoti munthuyu anali bishopu sazidziwa nkomwe. Ndiye chondiseketsa nchoti zonsezi zinagwera munthu amene anatchuka chifukwa chopatsa anthu zinthu usiku, mobisa, nkuthawa asanamuthokoze.

Kwawo kunali ku Lycia, dera la m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kumwera kwa dziko limene lero timati Turkey. Kotentha, kwa mapiri ndi miyala, kwa asodzi ndi amalinyero, ndipo nthawi imeneyo anthu ake ankalankhula Chigiriki. Mwambo wa mpingo umati anabadwira mumzinda wa Patara cha m'ma 270, anakhala bishopu wa Myra, nkumwalira pa 6 Disembala cha m'ma 343. Amene mumawerenga Baibulo malo awiriwa munakumana nawo kale kungoti mwina simunawalabadire. Pa Machitidwe 21 Paulo akudzera pa Patara popita ku Yerusalemu, ndipo pa Machitidwe 27 ali mkaidi, kenturiyo uja akumutsitsa pa Myra nkumukweza m'sitima ya ku Alexandria yopita ku Italy, sitima yomwe ija inadzasweka atataya tirigu m'nyanja. Myra linali doko la sitima za tirigu, ndipo tirigu ameneyu alowanso m'nkhani yathu kawiri.

Nicholas sanasiye kalata, sanasiye ulaliki, ndipo olemba a nthawi yake sanamutchule. Mbiri yake yoyamba yathunthu inalembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 800 ndi mmonke wina dzina lake Michael, patadutsa zaka pafupifupi 500 mwini wake atagona. Kuwonjezera apo, m'dera lomwelo kunadzakhala Nicholas wina, mkulu wa amonke ku nyumba yotchedwa Sion, amene anamwalira mu 564, ndiye olemba a pambuyo pake anangowaphatikiza awiriwa kukhala munthu mmodzi. Nkhani yoti ali khanda anaimirira yekha m'beseni lomusambitsira, ndi yoti anagwetsa mtengo wokhala ziwanda, nza Nicholas wachiwiriyu. Ya mkulu wathuyu ndi yoti ali kubere ankakana kuyamwa Lachitatu ndi Lachisanu mpaka madzulo, eti kusala kudya ali m'matewera. Amayi amene munayamwitsapo muweruze nokha.

Nkhani imene inamupatsa dzina ndi ya atsikana atatu, koma momwe timaimvera pa Khirisimasi amakhala ataichapa kwambiri. Nicholas anali akadali mnyamata, asanakhale bishopu, makolo ake olemera atamwalira nkumusiyira chuma chonse. Pafupi ndi kwawo pankakhala bambo wina amene kale anali wochita bwino, wolemekezeka m'mudzi, koma chuma chinamuthera mpaka kusowa chodya, ndipo anali ndi ana aakazi atatu osinkhuka. Apa mumvetse kaye mwambo wa kumeneko. Kwathu kuno kumene kuli lobola kapena chiwongo, chuma chimachoka kuchimuna kupita kuchikazi, koma kwa Agiriki ndi Aroma zinali zotembenuza, mtsikana ndi amene ankalowa m'banja atanyamula chuma chochokera kwa bambo ake, ndiye wopanda kanthu palibe mwamuna wa pabanja labwino akanamuyang'ana. Bamboyu ataona kuti njira zonse zatsekeka anaganiza zopereka anawo ku nyumba ya mahule kuti pakhomo pazipezeka chakudya. Michael sabisa, amanena momwemo.

Nicholas atamva sanapite kukaodira. Anamanga ndalama zagolide m'kansalu, usiku anthu atagona anakaponya pazenera nkuliyatsa liwiro. M'mawa bambo uja atapeza kathumbako analira, nkukwatitsa mwana woyamba. Nicholas anayamba waona kaye kuti ndalama zagwira ntchito yake, kenako anakaponyanso kachiwiri, wachiwiri naye nkukwatiwa. Apa bamboyo anati ayi, munthu ameneyu ndimuone ndi maso anga, anayamba kuchezera usiku ndi usiku, ndipo kathumba kachitatu katangoti phi pansi anatuluka chothamanga, kumuthamangitsa mumdima mpaka kumugwira, nkugwa pamapazi ake. Nicholas anamudzutsa nkumulumbiritsa kuti asauze munthu aliyense iye akadali ndi moyo. Za chumuni ndi masokosi oyanika pamoto zinadzawonjezedwa patsogolo. Ojambula a ku Ulaya matumba atatu aja anawasandutsa mipira itatu yagolide, ndiye mukaona chithunzi cha bishopu atanyamula mipira itatu pa buku dziwani kuti ndi yemweyu. Ngakhale a pinyolo anamutenga kukhala nkhoswe yawo, zimene ine zimandidabwitsa ndithu, munthu wopatsa ulere akhale bwanji nkhoswe ya anthu olanda chikole.

Alaliki akafika pa kubisaku amathamangira ku Mateyu 6, dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, kutanthauza kuti Nicholas ankathawa kutamandidwa. Nzoona. Koma ine ndimaona kuti amene mdima uja unkamuteteza kwambiri anali bambo uja ndi ana ake. Taganizani, munthu amene kale ankathandiza ena, lero aime masana pamaso pa maneba kulandira thandizo kwa kamnyamata, mudzi wonse udziwe zimene amafuna kuchita ndi ana ake omwe. Mbiri imeneyo itamveka ndani akanawafunsiranso atsikanawo, ngakhale golide alipo? Chifukwa choponyera pazenera, bamboyo anakwatitsa ana ake ngati bambo wina aliyense, anthu nkumangoti kaya wazipeza kuti koma wachita bwino. Masiku ano thumba la ufa limabwera ndi wojambula, chinsalu cha dzina la wopereka, ndi agogo oimitsidwa padzuwa kuti amwetulire, madzulo ake ali pa Facebook dziko lonse likuona umphawi wawo. Opereka amati nzofunika kuti amene anasonkha ndalama aone kuti zafika, chabwino, koma wolipira mtengo wa chithunzicho ndi wolandira uja, ndipo sanafunsidwe.

Chimodzi chokha chimandikhala pakhosi m'nkhaniyi, atsikanawo alibe maina, salankhula, palibe wowafunsa ngati mabanjawo akuwafuna. Nthawi yake inali imeneyo.

Za kukhala bishopu amati mabishopu a m'dera anasonkhana ku Myra kusankha wolowa m'malo mwa amene anamwalira, osagwirizana, ndiye mmodzi anamva mawu usiku oti munthu woyamba kulowa m'tchalitchi m'mamawa, dzina lake Nicholas, ndi yemweyo. Mnyamata wa ku Patara analawira ku mapemphero nkubwerako ali bishopu. Mu 303 mfumu Diocletian inayamba chizunzo choopsa pa Akhristu, kugwetsa matchalitchi, kutentha mabuku, kumanga atsogoleri, ndipo mwambo umati Nicholas naye anaponyedwa m'ndende mpaka nthawi ya mfumu Constantine.

Tsopano nkhani yakale kwambiri ya Nicholas, imene inalembedwa ya zenera ija isanalembedwe, ilibe mphatso ngakhale imodzi, ndipo ndi imene ine ndimaikonda kuposa zonse. Inkadziwika kale m'zaka za m'ma 500. Constantine anatuma akazembe atatu ankhondo kukathetsa chipolowe ku Phrygia, mphepo nkuwakakamiza kukocheza pa Andriake, doko la Myra. Asilikali awo atatsika anayamba kulanda zinthu pamsika monga mwa khalidwe la asilikali opanda chochita, phokoso linabuka, bishopu nkuthamangira kudoko kukaziziritsa mitima. Ali komweko anthu anabwera ali wefuwefu kudzamuuza kuti ambuye, kumzinda kwaipa, bwanamkubwa Eustathius wadya chiphuphu ndipo walamula kuti amuna atatu osalakwa adulidwe mitu, mukanakhalapo inu sizikanachitika. Nicholas anatenga akazembe aja nkuuyamba ulendo, akufunsa m'njira kuti afika nawo pati, anakawapeza atagwada kale, manja atamangidwa kumbuyo, nkhope zitaphimbidwa, wakupha atagwira lupanga. Bishopu sanapemphe, sanayambe ndi pemphero, anangolowa pakati nkutsomphola lupanga lija kulitaya uko, kumasula anthuwo. Sanalekere pomwepo, analunjika kunyumba ya bwanamkubwa, kulowa mwamphamvu nkumuuza pamaso kuti ndiwe wokhetsa magazi ndipo nkhani yako ifika kwa mfumu. Bwanamkubwa anagwada kupepesa.

Akazembe aja anaona zonsezi nkupitiriza ulendo wawo. Atabwerera ku likulu la Constantinople atapambana, anzawo ansanje anawanenera bodza kuti akufuna kulanda ufumu, nduna yaikulu Ablabius nayo inalandira chiphuphu, atatuwo nkuponyedwa m'ndende kudikira imfa. Usiku womaliza anakumbukira za bishopu wa ku Myra nkufuulira Mulungu wa Nicholas, ndipo usiku womwewo Nicholas anaonekera m'maloto kwa Constantine komanso kwa Ablabius, osati mwaulemu ayi, moopseza, kuti masulani anthuwa apo ayi muona zakuda. M'mawa anamasulidwa. Za maloto aliyense akhulupirire momwe akufunira, koma maina a m'nkhaniyi ndi a anthu enieni: Ablabius analidi nduna yaikulu ya Constantine, ndipo awiri mwa akazembewo, Nepotianus ndi Ursus, akupezeka m'ndandanda wa akuluakulu a boma la Roma mu 336 ndi 338. Nchifukwa chake akatswiri ambiri amati ngati pali nkhani imene ikusunga fungo la munthu weniweni, ndi imeneyi. Kwa zaka mazana anthu ankamudziwa Nicholas ngati wothamangirako ukanamiziridwa mlandu, woweruza akadya ndalama. Mukaona zithunzi zake m'matchalitchi a Orthodox, nkhope yake ndi yowonda, chipumi chachikulu, maso akuthwa, simungamuyerekeze akuseka ho ho ho.

Tirigu uja nayu. Kunagwa njala ku Lycia, sitima zonyamula tirigu wa boma kuchokera ku Alexandria zinaima pa Andriake, Nicholas nkukapempha oyendetsa kuti atsitseko pang'ono m'sitima iliyonse. Iwo anakana, anati tiriguyu anayezedwa ponyamuka ndipo akayezedwanso kofika, akaperewera mitu yathu ili pamoto. Iye anati tsitsani, mlanduwo ukhale wanga. Anatsitsa, ndipo nkhani imati atafika ku likulu sikelo inaonetsa kuti palibe chachoka, pomwe ku Myra anthu anadya zaka ziwiri nkutsalanso mbewu. Nkhokwe yaikulu yamiyala imene inamangidwa mu ulamuliro wa mfumu Hadrian ikadalipo pa Andriake mpaka lero, anaisandutsa myuziyamu. Amalinyero anamutenga kukhala nkhoswe yawo chifukwa cha nkhani ngati izi ndi zina zoti ankatulukira pakati pa namondwe kugwira chiwongolero, ndiye kulikonse kumene sitima inkakocheza kunkamera tchalitchi cha Nicholas. Umu ndi momwe dzina la bishopu wa kamzinda kakang'ono linazungulirira Ulaya yense.

Ya mbama ija mwina munaionapo pa intaneti, Disembala aliyense anthu amaifalitsa: akuti pa msonkhano wa mabishopu ku Nicaea mu 325, wansembe wina dzina lake Arius akuphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu analengedwa ndipo salingana ndi Atate, Nicholas analephera kupirira, anadzuka nkumuwaza mbama, mpaka anamulanda zovala za ubishopu nkumutsekera. Ndi yokoma koma inayamba kulembedwa cha m'ma 1300, patapita zaka 1000, ndipo m'mindandanda yakale kwambiri ya amene anapezeka ku Nicaea dzina lake mulibe. Chimodzimodzi ya ana atatu, imene inatchuka ku France m'zaka za m'ma 1100 kupita mtsogolo: wabutchala anapha ana atatu osochera, kuwaduladula nkuwaika mumbiya yamchere kuti adzagulitse ngati nyama, Nicholas anafika nkuwaukitsa. Nkhani yoopsa imeneyi ndi imene inathandiza kwambiri kumupanga nkhoswe ya ana. Akatswiri ena amaganiza kuti inabadwa chifukwa chowerenga zithunzi molakwika, anthu ataona amuna atatu ojambulidwa ang'onoang'ono ali m'nsanja ya ndende pafupi ndi bishopu wamtali, nkuganiza kuti ndi ana ali mumbiya.

Atamwalira anaikidwa ku Myra, pamanda pake panamangidwa tchalitchi, ndipo amwendamnjira ankabwera kudzatunga madzi onunkhira amene ankati amatuluka m'mafupa ake. Zinayenda choncho zaka zoposa 700. Kenako chaka cha 1071 chinabweretsa zinthu ziwiri zimene zinadzakumana pamanda amenewa. Kum'mawa ufumu wa Byzantine, umene unkalamulira Myra, unagonja kwa a Seljuk, Aturuki achisilamu, pa nkhondo ya Manzikert, dera lonse la Asia Minor, kumene kunali Myra, nkukhala pambalambanda. Kumadzulo mzinda wa Bari, kumwera kwa Italy, umene unali likulu la a Byzantine kumeneko, unalandidwa ndi a Norman nkutaya ulemerero wake. Bari inkafuna china chokopa anthu, ndipo nthawi imeneyo palibe chinkakopa anthu ndi ndalama kuposa mafupa a woyera wotchuka. Anzawo a ku Venice anali ataonetsa kale njira, iwo anazembetsa mafupa a Marko Woyera ku Alexandria mu 828.

Mu 1087 sitima zitatu za ku Bari zinapita ku Antioch kukagulitsa tirigu, ndipo kumeneko anamva mphekesera yoti amalonda a ku Venice nawo ali ndi maso pa Nicholas, zida zogumulira manda atakonza kale. Anagulitsa mwachangu nkuthamangira ku Myra. Anthu onse analipo 62, ansembe awiri ali momwemo. Pa tchalitchi anapeza amonke anayi okha akulondera. Analowa mwaulemu ngati odzapemphera, kenako nkufunsa kuti thupi lili pati, amonke ataona kumene nkhani ikulowera anakana, alendo aja anayesa kuwanyengerera ndi ndalama, anayesa kunena kuti atumidwa ndi Papa, zonse zitakanika anangowagwira nkuwamanga. Mnyamata wina dzina lake Matteo anatenga nyundo, kuswa mwala wa pamanda, kulowamo yekha nkuyamba kuvuula mafupa m'madzi aja. Anawakulunga m'chovala cha wansembe nkuthamangira kudoko, anthu a ku Myra atamva anathamangira kugombe akulira, koma sitima zinali zitachoka kale. Ndipo zonsezi tikuzidziwa chifukwa a ku Bari eni ake anazilemba, monyadira, iwo ankati apulumutsa woyerayo m'manja mwa adani a chikhristu, ndipo akanakhala kuti iye sakufuna kusamuka bwenzi sitima zitamira.

Anafika ku Bari pa 9 Meyi 1087, ndipo tsiku lisanathe mkangano unali utayamba, ngati abale olimbirana chuma cha masiye maliro akadali m'nyumba. Arkiepiskopi Ursus ankafuna mafupa apite ku kathedrale kwake, amalinyero anati ayi, tinalumbira panyanja kuti timumangira tchalitchi chakechake, mpaka magazi anakhetsedwa. Mkulu wa amonke dzina lake Elias ndi amene anawasunga kufikira zinthu zitazizira, nkuyang'anira ntchito yomanga. Mu 1089 Papa Urban II anabwera yekha kudzaika mafupawo m'chipinda cha pansi pa tchalitchi chatsopanocho, Basilica di San Nicola, ndipo ali pomwepo mpaka lero. A ku Venice sanagonje. Cha m'ma 1100, ali pa ulendo wa nkhondo za mtanda, anaima pa Myra nkukokolola tizidutswa timene anzawo anasiya chifukwa cha changu, nkukatiika m'tchalitchi cha San Nicolò ku Lido. Kwa zaka mazana mizinda iwiriyi inkakangana kuti Nicholas weniweni ali kwa ndani.

Amene anathetsa mkanganowo ndi dokotala. Mu 1953 manda a ku Bari anatsegulidwa chifukwa chokonza chipinda chija, ndipo Luigi Martino, mphunzitsi wa za thupi la munthu pa yunivesite ya Bari, anapima mafupawo asanabwezeredwe mu 1957. Anapeza kuti ndi a mwamuna wa zaka zoposa 70, wamtali pafupifupi mamita 1.67. Mu 1992 anapimanso tizidutswa ta ku Venice nkupeza kuti tikugwirizana ndi mafupa amene akusowa ku Bari, kutanthauza kuti akuba onse awiri ananena zoona, anagawana munthu mmodzi. Mu 2004 Caroline Wilkinson anagwiritsa ntchito miyezo ya chigaza kuumba nkhope yake pa kompyuta, ndipo chimene chinaoneka ndi mphuno yothyoka nkupola mokhota. Amene amakhulupirira za ndende ya Diocletian amaloza pamenepo. Madzi aja nawo sanaleke, pa 9 Meyi chaka chilichonse wansembe amatsegula kabowo ka pamanda nkutunga pang'ono, amawatcha manna, amawasakaniza ndi madzi odalitsidwa nkuwathira m'timabotolo. Atawapima mu 1925 anapeza kuti ndi madzi wamba oyera, ndipo poti mandawo ali pansi pafupi ndi nyanja ena amati ndi chinyezi chabe. Amwendamnjira satekeseka nazo, amabwerabe.

Ambiri mwa obwerawo ndi a Orthodox, makamaka a ku Russia, kumene amamutcha Wochita Zozizwitsa ndipo chithunzi chake chimapezeka m'nyumba, m'matchalitchi, m'magalimoto momwe. Kuyambira 1966 m'chipinda cha manda muli kaguwa kawo komwe amachitirapo mapemphero awo, m'tchalitchi cha Akatolika. Mu 2017, Papa Francis ndi Patriarch Kirill, mtsogoleri wa mpingo wa Orthodox ku Russia, atakumana ku Havana chaka chapitacho, nthiti imodzi ya Nicholas inabwerekedwa ku Moscow ndi St Petersburg, anthu oposa 2 miliyoni anaima pamzere maola ambiri kuti angoigwadira. Ku Serbia banja lililonse lili ndi woyera wake amene limamuchitira phwando chaka ndi chaka, ndipo amene ali ndi mabanja ambiri kuposa onse ndi Nicholas, pa 19 Disembala, lomwe ndi 6 Disembala pa kalendala yawo yakale. Kwa anthu amenewa nkhani ya zidole ndi maswiti palibe, uyu ndi bishopu wopempherera anthu ali pamavuto.

Mphatso za ana zinakulira kumadzulo, ndipo tsiku lake linali 6 Disembala, osati Khirisimasi. Ana ankaika nsapato pakhomo kapena pafupi ndi moto usiku wa pa 5, m'mawa nkupezamo mtedza, zipatso, timabisiketi. Ku England kunali mwambo wosankha mwana wa m'kwaya kukhala bishopu kuyambira pa 6 mpaka pa 28 Disembala, atavala zonse za ubishopu, mpaka mfumu Henry VIII inauletsa. Martin Luther, amene sankagwirizana ndi zopemphera kudzera mwa oyera, analimbikitsa kuti mphatso zizibwera pa Khirisimasi m'dzina la Mwana Yesu, ndipo apa ndi pamene tsiku linayamba kusuntha. Ku Holland abusa a mpingo wa Reformed anayesetsa kuthetsa mwambowu, mizinda ina inaletsa ngakhale kugulitsa mabisiketi a chifaniziro cha Nicholas, koma amayi ndi ana sanamve. Jan Steen anajambula m'ma 1660 banja lili pa chikondwererochi, kamtsikana katakumbatira chidole, mchimwene wake akulira chifukwa mu nsapato mwake wapezamo mkwapulo. Chithunzicho chili ku Rijksmuseum ku Amsterdam. Onani kusintha kumeneku, mphatso ya Nicholas wa ku Patara inapita kwa munthu amene anatsala pang'ono kuchita choipa kwambiri, osayang'ana kuti ndi woyenera kapena ayi, koma pofika apa yasanduka malipiro a mwana womvera, wosamvera alandire chikoti. Ku Austria ndi Bavaria anamupatsa mnzake wanyanga wotchedwa Krampus woopseza ana, ku France Père Fouettard wa zikoti.

Ku Netherlands, komwe ndi ku Holland komweko, mpaka lero Nicholas, amene iwo amamutcha Sinterklaas, amafika pakati pa Novembala pa sitima yochokera ku Spain, atavala chipewa cha ubishopu, ndodo ya ubusa ili m'manja, nkukwera hatchi yoyera, dziko lonse likuonera pa TV. Koma mnzake wa kumeneko ndi amene ife akuda sitingamudumphe. Buku lina la ana la mu 1850 linamupatsa wantchito wachikuda, nthawi imene ukapolo unali usanathe m'madera olamulidwa ndi Adatchi, poti ku Suriname unatha mu 1863. Wantchitoyo anadzakhala Zwarte Piet, azungu odzipaka zakuda kumaso, milomo yofiira, tsitsi la wigi, ndolo zikuluzikulu, kumachita zauchitsiru. Mu 2011 anyamata awiri achikuda anamangidwa ku Dordrecht chifukwa chongovala matisheti onena kuti uku ndi kusankhana mitundu. Ambiri ankati ndi mwambo wa ana chabe, nkhope yada ndi mwaye wa mu chumuni, koma mwaye sufiiritsa milomo. Zinatenga zaka zokangana, pofika 2019 chionetsero cha pa TV ya dziko chinasiya zopaka nkhope yonse nkungopaka timizere ta mwaye, ndipo mu 2020 nduna yaikulu Mark Rutte, amene kale ankaikira kumbuyo mwambowu, ananena kuti wasintha maganizo.

Za ku America ndidutsapo msanga poti zimanenedwa kawirikawiri. Olemba a ku New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 anatola Sinterklaas wa Adatchi nkumusandutsa Santa Claus, ndakatulo ina yosindikizidwa m'nyuzipepala ya ku Troy mu Disembala 1823 inamupatsa ngolo youluka, chumuni, mimba yaikulu ndi usiku wa pa 24, Thomas Nast anayamba kumujambula mu 1863, ndipo kuyambira 1931 zithunzi za Haddon Sundblom zotsatsa Coca-Cola zinafalitsa nkhope imene tonse tikuidziwa. Zoti Coca-Cola ndi imene inayambitsa zovala zofiira si zoona, zinalipo kale. Father Christmas wa Angerezi poyamba anali munthu wina, wa maphwando a akuluakulu, madyerero ndi zakumwa, anadzaphatikizana ndi wa ku America uja m'zaka za m'ma 1800, ndipo dzina limenelo ndi limene linatipeza ife kudzera mwa Angerezi.

Mpingo sunakondwe nazo zonsezi. Ku Dijon, France, pa 23 Disembala 1951, chidole cha Père Noël, Father Christmas wa kumeneko, chinapachikidwa pa mpanda wa kathedrale nkutenthedwa ana a m'parishi akuonerera, ansembe akuti walanda malo a Yesu. Ine ndikaiganiza nkhaniyi ndimaseka, ansembe kuotcha mdzukulu wa bishopu wawo yemwe. Kenako mu 1969, pokonzanso kalendala ya mpingo mu nthawi ya Papa Paul VI, tsiku la Nicholas linasiya kukhala lokakamiza, parishi ikhoza kulikumbukira kapena ayi. Ena anafalitsa kuti amuchotsa pa oyera, koma sanamuchotse.

Myra lero ndi tauni ya Demre, yodzaza ndi mashedi apulasitiki olimamo tomato, ndipo tchalitchi chakale chija chilipo, chili chotsika pansi chifukwa cha matope amene mtsinje unaunjika kwa zaka mazana, mkati mwake muli bokosi lamwala loboola m'mbali limene alendo amaonetsedwa kuti ndi mmene munali mafupa. Mu 2009 boma la Turkey linanena kuti lipempha Italy ibweze mafupawo, koma ku Bari palibe amene anasuntha. Mu 2000 anthu a ku Russia anapereka ku tauniyi chiboliboli chamkuwa cha Nicholas atavala za ubishopu, chinaikidwa pamwamba pa chipilala pabwalo la kutsogolo kwa tchalitchi. Mu 2005 meya anachitsitsa nkuikapo Santa wapulasitiki, wofiira, wonenepa, chifukwa chake nchoti alendo odzaona malo amamudziwa ameneyu, winayo sakumuzindikira. A ku Russia anadandaula kwambiri, chamkuwa chija chinangopatsidwa malo pambali pafupi ndi tchalitchi, wapulasitiki nkukhalabe pa chipilala mpaka kumapeto kwa 2008 pamene naye anamuchotsa nkuikapo wina wosemedwa ndi mmisiri wa ku Turkey komweko, mkulu wandevu ali ndi ana, wopanda chipewa cha ubishopu.